Mutu 6: Miyala ya Padenga

1. Nyumba ziwiri

Kuseri kwa msika wa Katete, mukapitirira chigayo, kunali nyumba ziwiri zoyandikana zimene wodutsa aliyense ankaziyang'ana, koma pa zifukwa zosiyana.

Yoyamba inali yatsopano, ya denga lalitali la malata abuluu amene ankathobwa m'maso dzuwa likakwera. Yachiwiri inali yakale ndi yaifupi, malata ake atachita dzimbiri, ndipo pamwamba pake panali miyala. Inali miyala yeniyeni, ikuluikulu, yondandalikidwa m'mphepete monse mwa denga. Panalinso tayala la minibasi ndi mphero yakale yoperera mapira.

M'nyumba ya miyalayo munkakhala Tiyanjane, mtsikana wa giredi eyiti, pamodzi ndi amayi ake, a Yunesi. M'nyumba yabuluu munkakhala Raihana, mnzake wa kuyambira ku ubwana.

Kale atsikana awiriwa anali ofanana. Nyumba yakale ya kwa a Raihana nayonso inali ndi miyala padenga, ndipo ali aang'ono ankakangana kuti mwala waukulu kwambiri uli pa denga la yani. Wopambana ankayenda monyada tsiku lonse.

Koma Katete anasintha. Mapuloti anakwera mtengo moti ngakhale malo amene mbuzi zinkakana kugonapo anapeza wogula. Anthu a ku Chipata ndi a ku Lusaka ankabwera, kuloza malo ndi chala ali m'galimoto momwemo, n'kugula. Anagula m'mphepete mwa msewu waukulu, anagula minda, anagula mpaka m'dambo momwe achule amachitira msonkhano mvula ikagwa. Nyumba ikangofika pa mawindo, wofuna kuchita lendi amakhala atafika kale kudzafunsa.

A Sadik, bambo ake a Raihana, anali ndi munda waung'ono m'mphepete mwa msewu waukulu. Anaugulitsa kwa anthu ofuna kumangapo malo omwetsera mafuta, ndipo chaka chisanathe nyumba yakale inagwetsedwa, yabuluu n'kudzuka.

A Yunesi analibe munda wa kumsewu. Amuna awo, a Robson, anamwalira Tiyanjane akadali ku pulayimale, ndipo mayiyu ankadyetsa banja pogulitsa nyemba ndi mtedza zimene ankakapikula ku Vubwi.

Nsanje ya Tiyanjane siinabwere tsiku limodzi. Inayamba ndi matailosi ozizira a pabalaza, inakula ndi mpopi wa m'nyumba, inadzakhwima ndi chipinda cha Raihana chokhala ndi galasi lalitali lodzionera thupi lonse. Kuvula nsapato pakhomo la a Raihana unali mwambo wa kale lomwe, ngakhale pamene pansi panali pozira ndi dothi, koma tsopano Tiyanjane ankakumva ngati chipongwe.

Raihana yekha sanasinthe. Ankamuitanabe, ankamugawirabe zitumbuwa pa nthawi yopuma. Zimenezo n'zimene zinkamupweteka kwambiri Tiyanjane, chifukwa munthu wosanyada ndi wovuta kumuda, ndipo iye ankasakasaka chifukwa chomudera.

2. Madamu akufuna chipinda

Teremu yachitatu kunabwera mphunzitsi watsopano wa sayansi, Madamu Christina Sakala. Anali wachitsikana, wansangala, wobwereketsa mabuku popanda kuopseza, ndipo atsikana a m'kalasi anayamba kuluka tsitsi monga ankalukira iwo. Koma nyumba inawasowa. Chiyambire teremu ankagona pabalaza pa mphunzitsi mnzawo, katundu wawo ali m'makatoni, chifukwa chipinda chilichonse chimene ankamva kuti chilipo ankapeza wina atalowamo kale.

Kwa a Tiyanjane kunali chipinda chimodzi chopanda munthu, momwe malemu a Robson ankasungiramo zida zawo. A Yunesi anali atanena kale kuti akapezeka munthu waulemu adzamulowetsamo. Tiyanjane anathamanga kukawauza Madamu. Ankadziona kale akuyenda nawo m'mawa uliwonse atawanyamulira mabuku, sukulu yonse ikuona.

Anapeza Raihana atamutsogolera. Kwa a Sadik nakonso kunali chipinda cha alendo chongokhala.

Madamu anaseka n'kunena kuti adzaona zipinda zonse ziwiri Loweruka masana. Kenaka anafunsa njira.

"Simungasowe, Madamu," anatero Raihana. "Mukapitilira chigayo muzaona nyumba ya buluu, ndiye pathu. Ya a Tiya ili pafupi chabe, ni ija ya miyala pamwamba."

Kalasi yonse inaseka. Zaid, mnyamata amene pakamwa pake sipankatsekeka, anafunsa ngati miyalayo nayonso imalipira lendi, popeza yakhala pamwambapo zaka zambiri. Kuseka kunawirikiza.

Raihana sananene zimenezi mwa chipongwe. Umu ndi momwe aliyense ankalozera nyumbayo, ngakhale a Yunesi eni ake akamaitanitsa makala. Koma Tiyanjane anamva ngati wathiridwa madzi otentha kumaso. Pobwerera kunyumba anayenda patsogolo yekha, ndipo Raihana atamufunsa chimene chalakwika, anati mutu ukumupweteka.

Denga labuluu Raihana anali nalo, matailosi anali nawo. Atengenso Madamu? Apa pokha Tiyanjane anakana.

3. Mawu a amayi

Lachisanu madzulo a Yunesi anakhala pakhonde akupinda masaka a ulendo wa ku Vubwi. Tiyanjane anazungulirazungulira, anasesa pamene panali poseseka kale, kenaka anafunsa ngati miyala ya padenga singatsitsidwe kwa tsiku limodzi lokha, mpaka Madamu ataona chipinda.

A Yunesi anasiya saka limene linali m'manja.

"Khala pansi, mwana wanga, undimvere. Miyala imene ukuchita nayo manyaziyo abambo ako anakaitenga ndi ngolo kutsinde kwa phiri la Mphangwe, iwe uli kumsana. Mpheroyo ndi ya amayi anga, inachokera ku Mkaika. Sanaiike pamenepo kuti ikongoletse nyumba ayi. Denga lathuli silinamangidwe ndi waya kukhoma monga amachitira omanga bwino. Abambo ako ankati adzamanga akapeza mpata, matenda n'kuwatsogolera. Mitengo yogwira malatayi chiswe chinaidya m'kati, msomali ukaukhoma umalowa ngati ukubaya nthochi. Ndiye chimene chagwira nyumba ino si misomali, ndi miyalayo. Aphunzitsi akowo akafuna chipinda, achifune ndi miyala yake yomwe. Akakana, apite bwino, sitinayambe lero kugona awiri m'nyumba muno. Koma pamwambapo usakhudzepo kanthu, makamaka mwezi uno. Wandimva?"

Tiyanjane anati wamva. Anamvadi, pakuti makutu ake analibe vuto lililonse.

4. Makwerero a kwa a Sadik

Loweruka a Yunesi ananyamuka ndi minibasi yoyamba. Dzuwa linatuluka likuotcha kale, mphepo kunalibe, ndipo masamba a mango anali chilili osagwedezeka.

Tiyanjane anali atakonza nzeru yake. Atsitsa miyala m'mawa, Madamu aona nyumba yooneka bwino masana, madzulo abwezera zonse amayi asanafike. Kwa iye nzeruyi inalibe chilema.

Makwerero anali kwa a Sadik, otsala pa ntchito yomanga. Pakhonde anapeza a Haruna, agogo ake a Raihana, atakhala pamkeka. Mkuluyu anabadwira ku Mangochi, ndipo anagulitsa malata ndi misomali m'sitolo yake ku Katete zaka zambiri asanaisiyire mwana wake. Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, koma mawu a munthu ankawazindikira msanga.

Tiyanjane anagwada n'kupempha makwerero. Anati akufuna kukaona miyala ya padenga. Bodza lenileni sananene, ndipo anadzitonthoza ndi zimenezo.

Nkhope ya a Haruna inawala.

"Wachita bwino, mdzukulu wanga. Ana a masiku ano denga amalikumbukira likayamba kudontha. Ukakwera uziponda pamene pali mzere wa misomali, usaponde pakati pa lata. Miyala ya mbali ya kuphiri uikankhire kumphepete kwenikweni, chifukwa mphepo siyambira pakati. Imafuna ngodya imodzi, ikalowetsapo chala, basi denga lonse ndi lake. Ine ndinafika m'tauni muno kuno kuli mitengo ya masuku mpaka kuphiri. Mphepo ikatsika inkafika kuno itatopa. Lero mitengo yonse inapita kootchera njerwa, njerwa zomwezi tamangira nyumbazi, ndi inonso yomwe, sindikudzichotsapo ayi. Ndiye mphepo ikubwera yosapuma panjira. M'sitolo ndaona zambiri. Mwezi wa Novembala munthu mmodzimodzi ndinkamugulitsa malata kawiri. Anthu amafika kudzasankha mtundu, wofiira kapena wobiriwira, koma za waya womangira denga safunsa. Wina amagula puloti m'dambo chifukwa analiona mu Okutobala lili gwa, Januwale mukumuona akutulutsa mipando pamutu, madzi ali m'chiuno. Nyumba timamanga tikuganiza za tsiku loipa, osati tsiku la alendo. Amayi ako amazidziwa zimenezi, uziwamvera. Ndipo ufulumire, kutentha kwa leroku sikunandisangalatse."

Tiyanjane anathokoza mwaulemu wonse, n'kusenza makwerero. Mawu onsewo anawamva. Koma potuluka pageti anakweza maso n'kuona denga labuluu likunyezimira, ndipo mawuwo anatsalira pamkeka pomwepo.

5. Kutsitsa

Ntchitoyo inali yosavuta modabwitsa. Mwala umene unakhala malo amodzi zaka zonsezo unkangofuna kuukankha ndi phazi, n'kugwa pansi kuti di. Chigayo chinkalira, choncho palibe amene anamva. Tayala linagubuduka lokha mpaka kumpanda.

Mphero anaisiyira kumapeto. Ataikankha, inagwera pa mwala wina n'kusweka pakati. Apa Tiyanjane anaima kaye. Kenaka anadziuza kuti zidutswa ziwirizo akaziphatikiza pamwamba, munthu ali pansi sangaone.

Anagubuduza miyala yonse kupita kuseri kwa bafa. Anali mwana wolongosoka, woleredwa bwino, choncho sanaitaye chisawawa. Anaiunjika bwinobwino, ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba, tayala pambali. Anasesa bwalo lonse kuti mabowo amene miyala inakumba asaoneke.

Atamaliza anapita kumsewu kukaiona nyumbayo monga mlendo angaionere. Kunena zoona, siinasanduke yatsopano. Dzimbiri linali lomwe lija, ndipo pamene panali miyala panatsala mawanga otuwa ngati mutu wa mwana wodwala zipere. Koma miyala panalibe, ndipo Zaid akanabwera akanasowa chonena.

"Tiya, wachita chani?"

Anali Raihana, atasuzumira pampanda, maso ali padenga.

"Nachita zanga," anayankha Tiyanjane. "Nyumba ni yathu."

Raihana anafunsa ngati a Yunesi akudziwa. Tiyanjane analowa m'nyumba n'kuyamba kukolopa chipinda cha Madamu. M'mutu mwake chinali kale chipinda cha Madamu.

6. Alendo afika

Madamu Sakala anafika mochedwa, thukuta lili kamukamu, atafunda ambulera. Anati anadutsa pamenepo kangapo, kupita ndi kubwerera, kufunafuna nyumba ya miyala pamwamba, mpaka mayi wina wa kuchigayo anachita kuwalozera.

Chipindacho anachikonda. Anayamikira pulasitala yosalala imene a Robson anapaka ndi manja awo, windo loyang'ana kumtengo wa mango, ndi bata la pamalopo. Anayeza ndi maso pamene pangakhale bedi ndi pamene pangakhale tebulo la mabuku. Tiyanjane anaima pakhomo atagwira manja kumbuyo, akumwetulira.

Kenaka Madamu anayang'ana kumwamba. Nyumbayo inalibe siling'i, ndipo kuwala kwa dzuwa kunkalowa pa mabowo a misomali. Anatenga ambulera yawo n'kukankha lata limodzi pang'ono chabe. Latalo linanyamuka, n'kubwerera kuti phwa.

Anafunsa kumene kwapita miyala.

"Tinachotsa kale, Madamu," anatero Tiyanjane. "Amama anapatsa anthu omanga maziko. Inali kuipitsa nyumba."

Madamu anatsitsa ambulera yawo. Atayamba kuyankhula, mawu awo anali ofatsa.

"Tiyanjane, ine ndinakulira ku Vubwi, m'nyumba yonga ino. Chaka china mphepo inasasula denga lathu masanasana, ife tili m'kati. Mng'ono wanga ali ndi chipsera paphewa mpaka lero. Tsiku lija Raihana atatchula miyala, anzako anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinati mumtima, imeneyo ndi nyumba ya anthu odziwa mphepo, ndikakhala kumeneko. Ndabwera kuno nditasankha kale, kwa a Raihana ndimati ndikangoonekera mwaulemu. Koma ngati eni nyumba aona kuti miyala ikuipitsa, ine mlendo sindingalimbane nawo, ndipo pansi pa denga lopanda chogwira sindingagone. Amayi ako akabwera uwauze kuti apeze ina mvula isanayambe. Usaiwale."

Miyala inali kuseri kwa bafa, pamtunda woti munthu akanalavula malovu n'kufikapo. Tiyanjane akanangonena mawu ochepa, Madamu akanamukalipira, akanaitana anthu, ndipo mwina chipinda akanachitengabe. Koma kunena kukanatanthauza kuvomera kuti wanama, ndiponso kuti wachita zonsezi chifukwa cha Raihana. Manyazi anamutseka pakamwa.

Anawaperekeza mpaka pageti la nyumba yabuluu. Posakhalitsa anamva kuseka kuchokera m'kati, mawu a Madamu, a Raihana ndi a amayi ake a Raihana, pamodzi ndi kulira kwa makapu a tiyi. Sanafunikire wina womuuza kuti chipinda chatengedwa.

Anakhala pakhonde n'kulira. Sanalire chifukwa cha chisoni chokha. Unali mkwiyo, ndipo wonse anaulozetsa kwa Raihana, ngati kuti Raihana ndiye anakwera padenga.

7. Kukweza

Dzuwa litapendeka, kumbali ya phiri kunayamba kuda. Mitambo inaunjikana, yakuda pansi, yoyera pamwamba, ndipo nkhuku zinayamba kubwerera zokha kukhola.

Raihana anabweranso pampanda, akupuma mofulumira.

"Tiya, agogo akuti mitambo iyi ni yoipa. Sininawauze za miyala, sininauze aliyense. Lekani nithamange ku shopu niitane anyamata a adadi, akweze fasiti fasiti. Amama ako sazaziwa."

Anali mawu abwino, ndipo nthawi inalipo. Anyamata a kusitolo anazolowera kusenza matumba a simenti, ntchitoyo akanaimaliza mvula isanadonthe. Tiyanjane ankadziwa zimenezi. Koma anaona Raihana ataima pamenepo, wovala bwino, wachifundo, wopambana pa chilichonse, ndipo tsopano akufuna kupambananso pa kukoma mtima.

"Watenga Madamu," anatero. "Manje ufuna bonse azikamba ati Raihana ndiye anapulumutsa nyumba ya osauka? Pita ku nyumba yako ya buluu. Nizakweza nekha."

Raihana anamuyang'ana, misozi ikulengeza, n'kuchoka pampandapo.

Tiyanjane anaimika makwerero. Miyala ing'onoing'ono anaimanga m'chitenje, kuibereka kumsana n'kukwera nayo. Imeneyo inatheka, koma inali yoti mwana angagendere mango. Atafika pa ikuluikulu, anazindikira chimene nzeru yake ya m'mawa inaiwala. Kutsitsa mwala ndi ntchito ya phazi limodzi, koma kuukweza ndi ntchito ya amuna angapo. Tsiku limene a Robson ankaika miyalayo panali anansi, chingwe ndi thobwa la ogwira ntchito.

Anayesa mwala umodzi waukulu. Anaunyamula mpaka m'mawondo, unamupulumuka, n'kumusupula chala cha kuphazi. Anayesa chidutswa cha mphero, osatheka. Anayesa tayala, linamugwetsa pamodzi ndi makwerero. Anadzuka n'kuwaimikanso.

Ali pamwamba ndi kamwala kena, mphepo yoyamba inamuomba kumaso. Inali yozizira, yonunkhira dothi lonyowa.

8. Mphepo

Fumbi linafika poyamba, lofiira, litanyamula mapepala ndi masamba. Chigayo chinasiya kulira. Amayi a kumsika ankathamanga atasenza malichero, akuitana ana awo.

Ngodya ya denga ya mbali ya kuphiri inayamba kuomba kuti pha, pha, pha. Tiyanjane anakwawira komweko n'kuipanikiza ndi manja onse awiri, ngati kuti mtsikana wa giredi eyiti angalowe m'malo mwa mphero.

Wina anamugwira mwendo. Anali Raihana, atakwera makwerero, mpango wa kumutu utauluka kale. Anakuwa kuti atsike. Anamukoka mwamphamvu mpaka onse awiri anatsika mogwa, n'kumukokerabe kudutsa pageti mpaka pakhonde la nyumba yabuluu, pomwe Madamu anawalandira n'kuwakankhira kuseri kwa chipilala.

Ali pamenepo Tiyanjane anaona zonse. Ngodya ija inanyamuka, misomali n'kuzuka m'mitengo yodyedwa ndi chiswe popanda kukana. Denga linatukuka mbali imodzi, linaima kanthawi, kenaka linang'ambika. Malata ena anagwera m'munda wa kuseri. Lina linakazikulunga pamtengo wa mango. Lina linauluka molunjika kunyumba ya a Sadik, linakhula denga labuluu kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kusiya mzere wautali woyera.

Kangati Tiyanjane analakalaka kuti dengalo lichite dzimbiri, lipindike, lisiye kunyezimira. Tsopano linali ndi chipsera, ndipo iye sanamve kukoma kulikonse.

Kenaka mvula inagwa, yoyamba ya chaka, yamphamvu. Inagwera pa matiresi a amayi ake, pa mabuku ake a sukulu, pa thumba la mtedza wogulitsa, ndi m'chipinda chija anachikolopa m'mawa.

9. Mulu wa kuseri kwa bafa

Mvula inakata dzuwa lisanalowe. Anthu anatuluka kukaona zimene zatsala. Sikunali kwa a Yunesi kokha. Kumunsi, nyumba ina yatsopano ya malata obiriwira, imene eni ake anali asanalowemo n'komwe, inali yopanda denga. Koma tsidya la msewu kanyumba ka mayi wina wokalamba kanali chiimire, miyala yake ili pamwamba monga mwa masiku onse. Tiyanjane anakaona kamodzi, sanafune kukayang'ananso.

A Yunesi anafika pa njinga ya hayala, masaka a nyemba ali kumbuyo. Anatsika, n'kuima pabwalo. Sanalire. Anayang'ana makoma a nyumba yawo ali yasa kumwamba, anayang'ana lata la pamtengo wa mango, kenaka anafunafuna mwana wawo ndi maso. Atamuona ali wamoyo, anapuma mozama n'kumugwira mutu ndi manja onse awiri.

Anansi anawazungulira n'kumawapepesa. Ena ankati mphepo ya chaka chino ndi yachilendo, yanyamula ndi miyala yomwe. A Haruna anafika atagwira ndodo, Raihana akuwatsogolera.

"Amake Tiyanjane, pepani. Mwanayu musamudandaule, anayesetsa. M'mamawa anabwera kudzabwereka makwerero kuti akonze miyala, ine ndemwe ndinamuuza poponda. Ana otere ndi osowa masiku ano. Usiku uno mugona kwathu, inu ndi mwana, malo alipo. Aphunzitsi nawonso alowa lero lomwe. Za denga tikambirana kukacha, ndife anansi."

Mawu aliwonse oyamikirawo anamulasa Tiyanjane kuposa chikoti. Ankafuna kugona nyumba imodzi ndi Madamu, ndipo ankasirira denga labuluu. Zonse ziwiri anazipeza tsiku limodzi, koma analowa monga wopemphetsa, kwawo kulibe denga, ndipo wolichotsa anali iye mwini.

A Yunesi anathokoza a Haruna. Koma maso awo anali akuyendayenda pansi, m'mphepete mwa makoma. Anaona timiyala tochepa tomwazikana. Miyala ikuluikulu ya ku Mphangwe panalibe, mphero panalibe. Anazungulira nyumba pang'onopang'ono, anthu akuwatsatira, mpaka anafika kuseri kwa bafa.

Mulu unali pomwepo, wotsukidwa ndi mvula, wolongosoka bwino, ikuluikulu pansi.

Madamu Sakala anauyang'ana muluwo, kenaka anayang'ana Tiyanjane. A Haruna anafunsa kuti kodi anthu aona chiyani, popeza iwo sankaona bwino.

A Yunesi anawerama n'kutola chidutswa chaching'ono chimene chinabenthuka ku mphero ya amayi awo. Anachipukuta ndi chitenje.

"Tiyanjane, tabwera kuno. Mphepo ine ndimaidziwa, imamwaza zinthu, siunjika. Miyala ya abambo ako waitsitsa ndani?"

Tiyanjane anatsegula pakamwa. Koma asanatulutse mawu, Raihana anasiya dzanja la agogo ake, anadutsa pakati pa anthu, n'kukagwada patsogolo pa a Yunesi.

"Amama," anatero, "niloleni niyambe ine kukamba. Ninaona m'mawa kuti miyala yachoka, koma sininauze aliyense."